Nambala imodzi ya dziko lonse

Pakati pa 1967 ndi 1973, Geert Hofstede wa ku Netherlands anasanthula mayankho a ogwira ntchito ku kampani ya IBM m'mayiko ambiri, kenako n'kupatsa dziko lililonse manambala. Pa muyeso woona ngati munthu amaika zake patsogolo, America inapeza 91, Colombia 13, kutanthauza kuti ku Colombia abale ndiwo amayamba.

Ntchitoyi ndimailemekeza, koma imandisowetsa mtendere, chifukwa anthu a dziko limodzi safanana onse. Pamsika wa Lufita mayi amatsatsa nyemba m'Chilambya, wogula n'kumanenerera m'Chindali, chenji n'kuwerengedwa m'Chitumbuka. Mlambya wa kuno amafanana kwambiri ndi mbale wake wa ku Tanzania kuposa Msena wa ku Nsanje. Nanga Congo, dziko la zinenero zoposa 200, tingaiyerekeze bwanji ndi Colombia pa nambala imodzi?