Dimba la m'matumba ndi ana athu a ku Ruaka

Amene mwakhalitsa kuno mukudziwa kuti Ruaka siinali chonchi. Dera lino la Kiambu linali la khofi ndi timinda ta eni mudzi. Msewu wa Northern Bypass utabwera, kenako Two Rivers Mall n'kutsegulidwa mu 2017, eni malo adaona kuti lendi imalipira kuposa khasu. Lero paliponse ndi nyumba zosanja, ndipo bwalo lomwe latsala ndi la simenti, poimika magalimoto. Kwa ife a geni zimenezi n'zabwino, makasitomala ali pakhomo pomwepo. Koma mwana wa zaka zitatu kapena zisanu alibe pokumba ngakhale kadzenje.

Ambirife timalawira m'mamawa kukaoda katundu ku Gikomba, Eastleigh kapena Kamukunji, kubwerako dzuwa litalowa. Mwana amaswera m'nyumba ndi wantchito, maso pa TV kapena pafoni. Kwathu mwana wa msinkhu umenewo amalondola agogo ake kudimba atanyamula kachitini, ndipo amadziwa kusiyanitsa bonongwe ndi chisoso asanadziwe kulemba dzina lake. Wathu kuno amangodziwa kuti masamba amachokera kwa mama mboga, odulidwa kale.

Malo olima tilibe, zoona, koma anzathu a ku Kibera ndi Mathare ali ndi malo ochepa kuposa ife ndipo amalima. Pambuyo pa ziwawa zomwe zidatsatira chisankho cha 2007, chakudya chitakwera mtengo, bungwe la ku France la Solidarités lidathandiza mabanja kumeneko kudzala masamba m'matumba, ndipo njirayi idafala mu Nairobi monse. Kapangidwe kake sikovuta. Mumatenga thumba lalikulu la chimanga kapena la chakudya cha nkhuku, dothi labwino losakaniza ndi manyowa owola, timiyala, ndi chitini chobooka mbali zonse ziwiri. Chitinicho mumachiimika pakati pa thumba n'kuthiramo miyala, dothi n'kuzunguliza m'mbali. Mukatero mumachikweza, kuthiranso miyala, kuzungulizanso dothi, mpaka thumba litadzaza. Pakati pamatsala mzati wa miyala, ndipo ndi umene umatsitsa madzi mpaka pansi. Osauiwala, chifukwa popanda iwo zapamwamba zokha ndizo zimamwa, zapansi zimafota. Kenako mumaboola timabowo m'mbali motalikirana ngati chikhatho chotambasula n'kulowetsamo mbande. Thumba limodzi lalikulu limanyamula mbande makumi atatu kapena kupitirira, pamalo pomwe mukanaika mpando umodzi.

Ubwino wake n'ngoti ntchito yonseyi ili pa msinkhu wa mwana. Wa zaka ziwiri kapena zitatu amatola miyala n'kumaponya m'chitini, ndipo akhoza kutero ola lathunthu osatopa. Wa zaka zinayi kapena zisanu amasakaniza dothi ndi manja, kuthirira ndi botolo looboola pachitsekero, komanso kudzala nyemba m'kapu ya yogati yolembedwa dzina lake. Nyemba n'zabwino kuyambira chifukwa zimamera sabata isanathe. Mwana sadikira ngati wamkulu. Okulirapo, a zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo, apatseni kope aziwerenga masamba, kuyeza kutalika kwa mbewu, ndi kulemba tsiku lothyola. Mwana wa wamalonda ayambe msanga kusunga buku, si choncho? Mpeni woboolera thumba ukhale m'manja mwa wamkulu, ndowa ya madzi izikhala yovindikira nthawi zonse, ndipo manyowa akhale owoleratu, osati ndowe zaziwisi. Nsabwe za m'masamba zikabwera, madzi a sopo pang'ono kapena kungoziphwanya ndi chala n'kokwanira. Mankhwala opopera pamalo poseweretsa ana, ayi.

Tidzale chiyani? Aliyense ayamba ndi sukuma wiki, ndipo palibe cholakwika, imapirira ndipo mumathyola miyezi ingapo. Koma masamba ambiri akwathu alipo konkuno, angosintha mayina. Terere ndi bonongwe. Saga ndi luni. Mrenda ndi denje. Kunde ndi masamba a khobwe, chitambe chomwe chija. Mbewu zake mumazipeza m'ma agrovet, ndipo mbande za sukuma, sipinachi ndi anyezi zimagulitsidwa m'mbali mwa Limuru Road. Maungu amafuna malo oyanga, koma phando limodzi pamwamba pa thumba lomwe lili pafupi ndi mpanda limakupatsani nkhwani wotendera kangapo. Apa mwana amaphunzira mayina awiri pa tsamba limodzi, la kuno lomwe amamva panja ndi la Chichewa lomwe akalimve kwa agogo ake. Ine ndimaona kuti zimenezi zokha n'zokwanira kuvutikira thumba.

Ndikudziwa kuti wina akuganiza kale zoitanitsa mbewu ya mpiru pa basi. Chenjerani. Kulowetsa mbewu kapena mbande mu Kenya kumafuna chilolezo cha KEPHIS ndi chikalata chosonyeza kuti zilibe matenda. Musaike katundu wanu yense pachiswe pa Namanga chifukwa cha kapepala ka mpiru.

Tsopano pomwe pamavuta, chifukwa kudzala ndiye kophweka. Choyamba ndi mwini nyumba. Musayambe musanalankhule ndi woyang'anira ploti, ndipo pempho likapite ngati la mabanja angapo, osati la mlendo mmodzi. Muuzeni malo enieni, kuseri kwa thanki kapena pakona yomwe galimoto siifika, bola pakhale pofika dzuwa theka la tsiku. Mulonjeze kuti matope sadzalowa m'masitepe kapena kutseka ngalande. Thumba lodzaza dothi lonyowa limalemera kuposa munthu wamkulu, choncho matumba asanu pakhonde la nyumba yachinayi kumwamba si nzeru. Pakhonde ikani mabeseni ndi zigubu zodula. Ndipo chilichonse chomwe mwana angakwerepo chisayandikire zitsulo za khonde. Padenga pakhale pololedwa pokhapokha pali khoma lalitali ndi chitseko chokhoma.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pomwe anthu amadana. Ruaka idakula mofulumira kuposa mapaipi ake, nyumba zambiri zimadalira zitsime zobooledwa ndi madzi ogula pa galimoto, ndipo aliyense amayang'ana bilu. Mukathirira ndi mpopi wa onse, mawa lake dzina lanu lili pa gulu la WhatsApp la ploti. Njira yabwino ndi yoti banja lililonse lizitsika ndi madzi ake otsukira mpunga ndi masamba, kapena otsukuluzira zovala omaliza opanda Jik. Madzi a mumtsinje wa Ruaka ndi a m'ngalande asiyeni, muli zonyansa zambiri, ndipo awa ndi masamba odya ana. Muzikumbukiranso kuti kuno mvula imagwa kawiri pachaka, Malichi mpaka Meyi ndi Okotobala mpaka Disembala. Mukaokera mbande kumayambiriro kwa nyengo zimenezi, theka la ntchito yothirira lachitika lokha.

Chachitatu, ndani athyole? Pangani ngati chama, kapena tinene banki m'khonde: aliyense asonkhe kangachepe pa M-Pesa kogulira dothi, manyowa ndi mbande, palembedwe masiku othirira, ndipo kuthyola kukhale tsiku limodzi pa sabata ana onse alipo. Muitanemo Akenya oyandikana nawo kuyambira tsiku loyamba. Dimba la Amalawi okhaokha pa ploti ya eni dziko limabala miseche. Komanso amayi ambiri a kuno adakulira ku Limuru kapena Githunguri, amadziwa dothi lofiirali kuposa ife, ndiponso amadziwa komwe kuli manyowa a ng'ombe otchipa. Mlendo amene anzake amamudziwa dzina amagona mtima uli pansi, ndipo tsiku lomwe mwachedwa m'tauni pamakhala khomo lomwe mwana wanu angagogode.

Poti gulu lino ndi la bizinesi, ndinene mosabisa: musayembekezere ndalama. Matumba khumi ogawana mabanja asanu amachepetsako ya ndiwo masiku ena, basi. Mukawerengera nthawi yanu, mama mboga amakhalabe wotchipa, ndipo kutsegula benchi ya masamba pageti n'kumulanda msika munthu amene amakukongozani tomato mwezi ukakhala pakati.

Kumene phindu limaonekera msanga ndi kusukulu. Maphunziro a CBC amakonda ntchito zamanja, ndipo makolo tonse tikudziwa mauthenga aja ofika usiku, oti mawa mwana abwere ndi mbewu yomera m'chitini kapena chithunzi akuthirira. Kuyambira Grade 4 amaphunzira zaulimi. Boma lidadzutsanso makalabu a 4-K mu 2021, nthawi ya Uhuru Kenyatta. Makalabuwa adayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo dzinali likuimira mawu akuti Kuungana, Kufanya, Kusaidia Kenya. Funsani aphunzitsi ngati pasukulu ya mwana wanu ilipo.

Lamlungu lina mukatseka shopu, tengani anawo mupite ku nkhalango ya Karura. Ili ndi geti pa Limuru Road, matatu imodzi kuchokera kuno. Nkhalangoyi, ya mahekitala pafupifupi 1,000, ikanakhala mafulati ngati athuwa. Mu Januwale 1999 Wangari Maathai adamenyedwa mpaka kutuluka magazi m'mutu atapita kukadzalako mitengo potsutsa kugawidwa kwa malowo, ndipo mu 2004 adalandira mphotho ya Nobel. Lero muli tinjira toyendamo, mathithi, mapanga ndi anyani. Mtengo wolowera umasiyana kwa nzika, okhala ndi chilolezo ndi alendo, ndiye nyamulani mapepala anu, ndipo mabotolo apulasitiki otaya salola.

Chomaliza choti mugwirizane musanagule thumba loyamba ndi Disembala. Ife timakwera basi ya ku Songwe, anzathu a kuno amapita kumidzi kwawo, ploti imatsala ndi mlonda yekha, ndipo Januwale kuno ndi wadzuwa. Pezani munthu wotsala, mumusiyire kangachepe ndi ufulu wothyola masamba onse a masabata amenewo.