MPHAMVU ZA INJINI PAZOKHA SIZIFIKITSA MUNTHU KWAO

Anyamata ambiri a m'chigawo chino cha Tete amene anapitako ku Joni kukagwira ntchito amabwerako ndi mbiri ya galimoto ina imene kumeneko amaitcha Gusheshe. Imeneyi ndi BMW 325iS, galimoto yaifupi ya zitseko ziwiri imene anyamata a ku Soweto amazungulira nayo pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi. Chilakolako chomwecho chinafika kuno. Mnyamata akapata ndalama ku migodi ya malasha ku Moatize, kapena akagulitsa bwino mbatata ya kachewere ku Angónia, amagula galimoto yakale yochokera ku Japan kapena ku South Africa, ndipo ulendo wake woyamba umakhala wa kwa makaniko kukapempha kuti aionjezere mphamvu.

Kawirikawiri pempho limakhala la injini yokha: kuikamo turbo, kusintha paipi ya utsi kuti izibangula, kapena kusintha malamulo a mu kompyuta ya injiniyo. Za mabuleki ndi matayala zimakumbukika pambuyo, ndalama zitatha. Komatu mbiri ya Gusheshe yeniyeniyo ikuphunzitsa zosiyana ndi zimenezi.

Zimene anachita ku Rosslyn

M'zaka za m'ma 1980, kampani ya BMW ku Germany inapanga galimoto ya mpikisano yotchedwa M3, koma chiongolero chake chinali kumanzere kokha, choncho sinagulitsidwe ku South Africa kumene amayendetsa kumanzere kwa msewu monga kuno kwathu. Fakitale ya BMW ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inaganiza zopanga yakeyake. Mu 1985 inatulutsa 333i. Anatenga injini ya malita 3.2 ya m'galimoto yaikulu ya 733i ndi kuiika m'thupi laling'ono. Mphamvu zinafika pa makilowati 145, koma injiniyo inadzaza malo onse kutsogolo mwakuti wogula ankauzidwa kusankha chimodzi: makina oziziritsa m'kati, kapena makina ofewetsa chiongolero. Zonse ziwiri sizikanakwana. Magalimoto amenewa anapangidwa ongopitirira pang'ono 200.

Mu 1990 anabwera ndi nzeru ina. Pa 325iS anasiya injini yaikulu ija, natenga ya malita 2.5 ndi kuikuza kufika pa malita 2.7. Mphamvu zinafanana ndi za 333i, makilowati 145, koma kutsogolo kwa galimoto kunapepuka. Zitseko ndi chivundikiro cha injini anazipanga ndi aluminiyamu. Mabuleki ndi zitsulo zogwira mawilo anatengera za M3, ndipo kumbuyo anaikako difu yoletsa tayala limodzi kumangozungulira lokha. Mu 1991 ndi pamene anaonjezera mphamvu kufika pa makilowati 155. Magalimoto onse a mtunduwu anali pafupifupi 500, ndipo anapangidwa kuti akalimbane ndi Opel Kadett Superboss pa mipikisano.

Apa pakuoneka kuti eni fakitale sanaonjezere mphamvu asanalimbitse miyendo ya galimoto. Zofanana ndi zimenezi zinaoneka kale ku Ulaya mu 1964, pamene Paddy Hopkirk anapambana mpikisano wa Monte Carlo ndi kagalimoto ka Mini Cooper S ka injini yongopitirira pang'ono lita imodzi, kusiya m'mbuyo Ford Falcon ya injini ya malita 4.7. Kagalimotoko kanali kopepuka ndipo kankamvera pokhota.

Masamu a pamsewu

Galimoto yonse imagunda pansi pa malo anayi okha, ndipo malo alionse ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu. Mphamvu zonse za injini, za mabuleki ndi za chiongolero zimadutsa pamenepo. Tayala likapatsidwa ntchito yoposa imene lingathe, limatsetsereka, ndipo zikatero woyendetsa amangokhala ngati wokwera.

Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa tala youma, galimoto ya matayala abwino yothamanga makilomita 60 pa ola imafuna mamita pafupifupi 20 kuti iime. Pa makilomita 120 imafuna mamita 80, ndipo pa 160 imafuna mamita oposa 140. Pamwamba pa apo pali kamphindi kamene munthu amatenga asanaponde buleki: pa liwiro la 120, m'sekondi imodzi galimoto imakhala itayenda mamita 33. Pa msewu wa N7 wochoka mu mzinda wa Tete kudzera ku Moatize kukafika ku Zóbuè, pamene pamadutsa malole, njinga zonyamula makala, mbuzi ndi ana a sukulu, mamita amenewa ndiwo amalekanitsa moyo ndi maliro.

Chinanso n'chakuti mphamvu zoonjezera sizibweretsa liwiro lochuluka monga anthu amaganizira, chifukwa mphepo imakankha kwambiri galimoto ikamathamanga. Galimoto yofika makilomita 200 pa ola, ngakhale mphamvu zake ataziwirikiza kawiri, imangofika cha m'ma 250. Chimene chimakula msanga ndi kutentha kwa injini ndi ntchito ya mabuleki.

Poyambira ndi pansi

Amakaniko odziwa ntchito yao amayambira pa matayala. Tayala lililonse lili ndi chilembo chosonyeza liwiro limene lingapirire: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240. Lilinso ndi manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. 2519 ndiye kuti sabata ya 25 ya chaka cha 2019. Matayala akale ogula pamsika amatha kuoneka a mano abwino pamene mphira wake unauma. Mano akatsala mamilimita 1.6, tayalalo latha.

Kachiwiri ndi mabuleki. Mafuta a mabuleki a DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 230, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba angawire pa madigiri 155. Akawira, phazi limangolowa pansi popanda kugwira. Izi zimachitika makamaka potsika mapiri, monga pochoka ku Ulongwe kulowera kuchigwa cha Zambezi. N'chifukwa chake mafutawa amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Kachitatu ndi masipuling'i ndi ma shock absorber. Ambiri amadula masipuling'i kuti galimoto ifupike, ioneke yaukali. Kufupikitsa pang'ono ndi zida zopangidwira ntchitoyo kumathandiza pokhota, koma sipuling'i yodula imasiya galimoto ikudumphadumpha, ndipo tayala limene lili m'mwamba siligwira buleki. Pa misewu yathu ya maenje ndi zitunda zochepetsa liwiro, galimoto yofupika kwambiri imaboola chosungira oyilo pansi pa injini. Malimu aakulu okhala ndi matayala opyapyala nawo sachedwa kupindika.

Pomaliza ndi pamene pamabwera injini, ndipo nayo imaonjezeredwa pang'onopang'ono. Turbo imabweretsa kutentha, choncho imafuna radiyeta yabwino ndi choziziritsa mpweya wolowa. Mu mzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera. Johannesburg ili pa mamita oposa 1,700, pamene mzinda wa Tete sufika mamita 200. Galimoto imene anaichuna mothinitsa ku Joni ikatsikira kuno imapuma mpweya wochuluka ndiponso wotentha, ndipo ingayambe kugogoda mpaka kuononga mapisitoni.

Galimoto iliyonse ndi khalidwe lake

Galimoto yokoka ndi mawilo akutsogolo, monga Golf, ikapatsidwa moto wambiri pakona imakana kukhota, imangolunjika kutchire. Yokankha ndi akumbuyo, monga BMW, Altezza kapena Mark X, imaponya matako kumbali ndipo ingatembenukire kumene ikuchokera. Mwini wake ayenera kudziwa khalidwe la galimoto yake asanaionjezere kanthu. Ena amawotcherera difu kuti mawilo akumbuyo azizungulira pamodzi monga amachitira a masewero a ku Joni. Zimenezo ndi za m'bwalo lotchingidwa. Pa msewu wonyowa ndi mvula yoyamba, galimoto yotere imatsetsereka ngakhale pakona yaing'ono.

Malamulo a pamsewu a dziko lino amalola galimoto yaing'ono makilomita 60 pa ola m'matauni ndi m'midzi, ndi 120 kunja kwake. Wosintha injini ayeneranso kupita ku INATRO kuti zolembedwa mu livrete zigwirizane ndi zimene zili m'galimoto, kupanda kutero adzavutika ndi apolisi komanso a inshuwalansi tsiku la ngozi.

Kukonda galimoto yothamanga si mlandu, ndipo ntchito yoikonza ikudyetsa mabanja a amakaniko ambiri. Koma ndalama zikakhala zochepa, ziyambe zapita ku matayala, mabuleki ndi ma shock absorber, injini idikire. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo amene amatolera anthu ovulala pa N7 amadziwa kuti mawuwa ndi oona.