Chipukuta Misozi Chiwerengedwe Mwachilungamo

Palibe ndalama imene ingagule moyo wa munthu. Komabe bambo kapena mayi akafa pa ngozi, ana otsala amafunabe chakudya, zovala ndi fizi. Ntchito ya chipukuta misozi ndi kubwezera banja thandizo limene lataya, choncho chiyenera kuwerengedwa mosamala, osati mongoyerekeza.

M'dziko muno muli njira ziwiri zikuluzikulu. Munthu akafera pa ntchito, lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la chaka cha 2000 limati amene ankadalira malemuyo alandire malipiro ake a miyezi 42. Ngati ankalandira K150,000 pa mwezi, ndiye kuti banja lake liyenera kupatsidwa K6,300,000.

Njira yachiwiri ndi ya kukhoti, makamaka pa ngozi za pamsewu zodza chifukwa cha kusasamala. Kawirikawiri khoti limachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro, poganiza kuti malemuyo akanaligwiritsa ntchito payekha. Pa K150,000 patsala K100,000 pa mwezi, kapena K1,200,000 pa chaka. Ndalamayi imachulukitsidwa ndi zaka zimene munthuyo akanathandizabe banja lake. Zakazo zimachepetsedwako, popeza ndalama imaperekedwa pakamodzi, ndiponso za mawa sizidziwika. Khoti likagamula zaka 10, banja lilandira K12,000,000.

Apa tikuona kuti chilungamo chimatsamira pa umboni. Popanda pepala losonyeza zimene malemu ankapeza, khoti nthawi zambiri limatenga malipiro otsikitsitsa amene Boma linakhazikitsa. Motero banja la mlimi kapena wamalonda wolimbikira likhoza kulandira zochepa, chabe chifukwa chosasunga zolemba.

Vuto lina ndi la achibale amene amathamangira ndalamazi, nasiya mkazi wamasiye ndi ana ali manja lende. Khalidwe lotere ndi lochititsa manyazi. Chipukuta misozi ndi cha amene ankadyera m'manja mwa malemu, ndipo lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 linaonetsa poyera kuti kulanda za amasiye ndi mlandu.

Tikupempha akuluakulu a m'maofesi a Boma kuti asachedwetse mapepala a ofedwa. Aphunzitsi nawo, amene anthu kumudzi amawadalira powerenga makalata, alangize mabanja kusunga lipoti la apolisi, chikalata cha imfa ndi mapepala a malipiro, ndiponso kusasainira ndalama iliyonse asanamve m'mene yawerengedwera.