Kuphwanya Mawu Aatali a Chingerezi: Chitsanzo cha "unfortunately"

Ana a ku Milange amamva Chingerezi asanachiphunzire: pa wailesi za ku Malawi, pamsika ndi pachipata cha Muloza. Komabe akakumana ndi mawu aatali m'buku, ambiri amangoti chete. Ife aphunzitsi tikapanda kuwathandiza, mwana amayamba kudziyesa mbuli. Kuyambira pa ntchito yoyeserera ya PEBIMO (1993–1997), yomwe inaphunzitsa m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, mfundo yathu ndi imodzi: chachilendo chimamangidwa pa chimene mwana akudziwa kale.

Titenge muonjezi uyu: unfortunately. M'Chipwitikizi ndi infelizmente, m'chinenero chathu ndi mwatsoka.

Maphatikizo

Tiyambe ndi mawu athu, ana akuomba m'manja: mwa-tso-ka, katatu. Kenaka in-fe-liz-men-te, kasanu, ndi un-for-tu-nate-ly, kasanunso. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, kupatula m woima payekha monga mu m-te-ngo. Maphatikizo un, nate ndi liz amathera ndi lembo lopanda liwu. N'chifukwa chake mwana amaonjezera i, nati "anifochunetili". Sikulakwa kwa ulesi. Akutsata lamulo la chinenero chake. Timuonetse pamene walowetsa i, aombenso m'manja mpaka kuomba kubwerere pa kasanu.

Katchulidwe

Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: mwa-TSO-ka. Infelizmente amatsindikanso pomwepo, pa men, choncho savuta. Koma unfortunately amatsindika pa for, kufupi ndi chiyambi, ndipo maphatikizo otsatirawo amatchulidwa mopepuka ndi mofulumira. Lembo t mu tu limamveka ngati ch, pamene e wa mu nate samveka konse.

Kapangidwe

Kugawa maphatikizo n'kosiyana ndi kugawa tanthauzo. Tsinde ndi fortune, mwayi. Tikaphatikiza -ate kumapeto tipeza fortunate, wamwayi. -Ly amasandutsa mawuwo kukhala muonjezi. Un- koyambirira amatsutsa. Chipwitikizi chimachita chimodzimodzi: in + feliz + mente. Ife chizindikiro cha muonjezi timachiika koyambirira: mwa + tsoka, mwa + ulemu, mwa + changu. Sitifunanso kachidutswa kotsutsa, popeza tili ndi mawu awiri, mwamwayi ndi mwatsoka. Mwana akazindikira kuti -ly, -mente ndi mwa- amagwira ntchito yofanana, amatha kuphwanya yekha mawu ena monga carefully ndi rapidamente.

Zochita

Lembani mawu atatuwa pa bolodi m'mizere itatu. Awiriawiri, dulani mapepala mulembepo zidutswa za tanthauzo, musakanize, kenaka mumangenso mawuwo. Pomaliza sankhani muonjezi wina wa maphatikizo anayi kapena asanu, mukonze phunziro la mphindi khumi loyambira m'chinenero cha ana.