Vinyo wotchipa amene amaulula chinsinsi cha chaka

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu alimi a mphesa a ku Montalcino, tauni ya pamwamba pa phiri m'chigawo cha Tuscany ku Italy, angaumvetse bwino zedi.

Vinyo wawo wofiira wotchuka, Brunello di Montalcino, lamulo silimulola kupita pamsika mpaka pa 1 Januwale wa chaka chachisanu chikololereni mphesa. Mwa zakazo, zosachepera ziwiri amayenera kukhala m'migolo ya matabwa. Nthawi yonseyi mlimi amakhala akulipira antchito, kugula mabotolo ndi kusamalira munda, pomwe vinyo ali phee mosungiramo.

Nanga banja limadya chiyani podikira?

Yankho lake ndi mng'ono wake wa Brunello, wotchedwa Rosso di Montalcino. Ameneyu amapangidwa ndi mphesa za mtundu womwewo wa Sangiovese, zolimidwa m'dera lomwelo, koma amaloledwa kugulitsidwa kuyambira pa 1 Seputembala chaka chotsatira. Mtengo wake kawirikawiri umakhala pafupifupi theka la mtengo wa mkulu wake, ndipo ndi amene amabweretsa msanga ndalama pakhomo.

Koma Rosso ali ndi ntchito inanso. Poti m'mera mpoyamba, akatswiri olawa vinyo amamuthamangira kuti amve fungo la mmene chakacho chinayendera.

Chitsanzo ndi chaka cha 2016. Mvula inagwa mokwanira kumayambiriro, dzuwa silinaotche mopyola muyeso, ndipo usiku kunkazizira bwino pamene mphesa zinkapsa. Rosso wa chakacho atatuluka mu 2017, Brunello wake anali akadali m'migolo, ndipo anthu anadikira mpaka 2021 kuti amugule. Bungwe la opanga vinyoyu, lomwe pa nthawiyo linkayeza zaka popereka nyenyezi, linapatsa 2016 nyenyezi zisanu, zomwe zinali zapamwamba kwambiri. Chaka cha 2014, chomwe mvula inachuluka, chinapeza zitatu zokha.

Kulawa kwake si kumwa wamba. Wolawa amayamba wayang'ana mtundu wa vinyo m'tambula, kenaka amamuzunguza pang'ono kuti fungo lituluke, n'kununkhiza. Akatero amapsontha pang'ono, kuyendetsa mkamwa monse, kenaka n'kulavula. Akapanda kulavula, pofika tambula ya khumi lilime limakhala litasiya kunena zoona.

Chimene amafuna ndi mgwirizano wa zinthu zitatu: kukoma kwa chipatso, kuwawasa pang'ono, ndi kuuma kwa mkamwa konga kuja munthu amamva akaluma nthochi yosapsa. Chaka choipa, kuwawasa ndi kuumako kumaposa chipatso. Chaka chabwino, ngakhale botolo lotchipa limakhala ndi zonse zitatu mosapikisana.

Mbiri ya vinyoyu inagwedezekapo mu 2008 pomwe akuluakulu a boma anayamba kufufuza mphekesera zoti ena ankasakaniza mphesa za mitundu ina mu Brunello. Chaka chomwecho opanga vinyo anavota kuti apitirize kugwiritsa ntchito Sangiovese yekha, ndipo mu 2011 anagwirizana chimodzimodzi pa Rosso.

Motero wogula amene thumba lake silingafike pa Brunello sanamanidwe zonse. Akasankha Rosso wa chaka chabwino, amalawa mphesa za mtundu womwewo, za nthaka yomweyo, zimene zinaona mvula ndi dzuwa lomwelo. Naye mlimi amapeza polipirira antchito pamene mkulu uja akugonabe m'mgolo.