Kasitima ka ku Japan Kokwana M'dzanja, ndi Luso Lomwe Ana Athu Ali Nalo Kale

Ku Japan kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amasonkhanitsa timasitima ting'onoting'ono tofanana ndendende ndi sitima zamagetsi zonyamula anthu za m'dziko lawo. Zitseko, mazenera, mipando ngakhale utoto, zonse zimakhala monga zilili pa sitima yeniyeni, kungoti n'zochepetsedwa. Ife kuno ku Mulanje tingaganize kuti awa ndi masewera a anthu olemera. Koma tikaonetsetsa, luso lake ndi lomwe lija ana athu amaonetsa popinda galimoto za waya. Kodi tikulisamala, kapena tikulisiya kuti lizime?

Chinsinsi chili pa muyeso

Timasitima totchuka kwambiri ku Japan ndi ta mtundu wa N gauge, timene timayenda pa njanji yotalikirana mamilimita 9 okha. Kampani ya Kato inayamba kutipanga mu 1965, ndipo mu 1976 kunabwera mtundu wina wotchedwa Tomix. Sitima wamba amazichepetsa ka 150. Bogi ya mamita 20, ngati za pa njanji ya Yamanote yomwe imazungulira pakati pa mzinda wa Tokyo, imasanduka ya masentimita 13. Sitima zaliwiro za Shinkansen, zomwe zinayamba kuyenda mu 1964 pakati pa Tokyo ndi Osaka, amazichepetsa ka 160. Mphamvu ya magetsi yochepa, pafupifupi mavoti 12, imadutsa m'njanji momwemo n'kuyendetsa kasitimako.

Tiyese muyeso womwewu pa zakwathu. Munthu wamkulu angakhale wosapitirira sentimita imodzi ndi pang'ono. Nsonga ya Sapitwa, yomwe ili pa mamita 3,002 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ingakhale pa mamita 20. Mwana amene wawerengera yekha zimenezi wagwira masamu ogawa popanda womukakamiza.

Njanji yathu ndi yawo n'zachibale

Chodabwitsa n'chakuti njanji zambiri za ku Japan, kupatula za Shinkansen ndi zina zochepa, n'zotalikirana mamilimita 1,067, chimodzimodzi njanji ya ku Malawi. Yathuyi inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, ndipo imadutsa pa Luchenza, m'malire a Mulanje ndi Thyolo. Kwa zaka zambiri tiyi wa m'minda yathu ankakwera sitima pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti sitima zathu zimakokedwa ndi injini ya dizilo, pamene za ku Japanzi zimatenga magetsi ku mawaya a pamwamba. Choncho mwana wofuna kupanga sitima sasowa poonera, ndipo agogo amene anakwerapo ali ndi nkhani zoti amuuze.

Tingayambe bwanji pakhomo?

Sitiyenera kugula kanthu. Makatoni a sopo, nsungwi, mapesi, dongo, waya ndi zitsekerero za mabotolo n'zokwanira. Chida chachikulu ndi rula. Popeza kuchepetsa ka 150 kumafuna zala zozolowera, oyamba kumene achepetse ka 50. Pamenepo bogi ya mamita 20 imakhala masentimita 40, ndipo njanji zake zimatalikirana masentimita awiri ndi pang'ono.

Mwana ajambule kaye papepala, alembe miyeso, kenako adule. Wina apange siteshoni, wina mlatho wa pa mtsinje wa Thuchila, wina mizere ya tiyi. Bogi ikapendekeka tisamulande n'kumukonzera. Timufunse kuti, "Wayeza mbali zonse ziwiri?" Akamaliza timupatse malo pashelefu, pakuti chinthu chosungidwa bwino chimauza mwana kuti ntchito ya manja ake ndi yaulemu. Madzulo amene akanathera pa foni amathera pa kuyeza, kudikira guluu kuti aume ndiponso kucheza ndi abale ake.

Tisamale thanzi

Waya ndi malata zimacheka. Bala lakuya lomwe lalowa dothi lingabweretse kafumbata, choncho tilitsuke msanga ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo tipite nalo kuchipatala kuti akaonenso za katemera. Podula waya, nsonga iloze kutali ndi maso. Tizidutswa ting'onoting'ono tisafike m'manja mwa ana osakwana zaka zitatu chifukwa tingawatsamwe. Timabatire tozungulira ngati batani ndi timaginito n'toopsa koposa. Batire lotere likaima pakhosi limawotcha m'kati m'maola ochepa, ndipo mwana akalimeza tithamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Wopita kukaona sitima yeniyeni apite ndi munthu wamkulu, aime patali, ndipo asaike mwala kapena chitsulo panjanji. Sitima siima msanga ngati galimoto.

Nanga tikafuna kugula?

Ena ali ndi abale kunja, ena amapeza zidolezi pa kaunjika kapena pa intaneti. Tikumbukire kuti magetsi a m'nyumba ku Japan ndi a mavoti 100 pamene athu ndi a 230. Chipangizo chopangidwira mavoti 100 okha chingapse tikachilumikiza kuno, ndiye tiyambe tawerenga zolembedwa pa icho. Komanso kusonkhanitsa zinthu kulibe polekezera: wagula injini, mawa ufuna mabogi, mkuja siteshoni. Banja ligwirizane malire, ndipo ndalama ya fizi, feteleza kapena mankhwala isakhudzidwe.

M'mera mpoyamba. Kalipentala, telala, mmisiri womanga milatho, onsewa ntchito yawo imayambira pa kuyeza bwino asanadule. Mwana wathu akabwera ndi kasitima kake ka makatoni, tisamuuze kuti akuunjika zinyalala. Timubwereke rula, tikhale naye pamkeka, tiwerengere limodzi.