MABUKU AMENE TINGAPATSE ANA ATHU

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mabuku a Cinyanja amene kholo lingapatse mwana wace.

Kumudzi mwana aphunzira mau a makolo ace ali pamoto, ambuye ace alikusimba nthano, iye ndi anzace nabvomera. Koma mwana wobadwira m'komboni ya ku Kitwe kapena ku Mufulira alibe mwai wotere. Pabwalo asewera m'Cibemba, mabuku ace a kusukulu ambiri ali m'Cingerezi, ambuye ace ali kutali ku Katete kapena ku Chadiza, ndipo atate ace abwera kunchito ali otopa, kapena alowa usiku. Mwana wotere akapita kumudzi akhala ngati mlendo pakati pa abale ace: mwambi saumva, ndipo akulu akaseka iye angoyang'ana. Buku silingafanane ndi ambuye, koma lingathe kugwirako nchito yao pang'ono.

Kwa mwana wamng'ono, amene angoyamba kumene kulumikiza mau, yambani ndi nthano ndi miyambi. Buku la Stevenson Kumakanga, Nzeru za Kale, liri ndi miyambi ya makolo pamodzi ndi matanthauzo ace. Musampatse kuti alimbane nalo yekha, iai. Muwerengereni mwambi umodzi mutatha kudya nsima, ndipo mumfunse cimene wamvapo. Akakula pang'ono mpatseni Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe. Ndi nkhani ya anyamata awiri apacibale amene anapita kukafuna cuma. Pobwera wina anapha mnzace cifukwa ca nsanje, koma kambalame kanamtsata njira yonse ndi kuulula mlandu. Ana aikonda nkhani imeneyi cifukwa mtima uli m'mwamba kufikira potsiriza. Gwengwe yemweyo analembanso Kukula ndi Mwambo, lofotokoza makhalidwe a Acewa. Limeneli ndi lolemerapo, ndipo liyenera mwana amene wayamba kufunsa cifukwa cace akulu acita zakutizakuti.

Tsono ndifike pa buku limene ndiliyesa loposa onse kwa mnyamata wa m'tauni, ndilo Nthondo. Analilemba Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Misyoni ya Nkhoma m'dziko la Nyasaland, limene lero ndi Malawi. M'caka ca 1933 nkhaniyi inalandira mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Afrika, ndipo mu 1934 T. Cullen Young anaitembenuza m'Cingerezi naicha Man of Africa. Ntara atsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kufa. Nthondo atayikidwa atate ace ali wamng'ono, akula wosamvera ndi wakuba, acoka kwao kukafuna nchito kutali, abwerera, ndipo pambuyo pace alowa ufumu wa mudzi nasanduka munthu wina. Inu amene munasiya mudzi kudza kuno kumigodi mudzaona kuti njira yace muidziwa. Ubwino wa bukuli ndi wakuti mlembi sabisa zoipa za mnyamatayo, ndipo mwana wanu wa zaka 13 kapena 14, amene satha kupirira uphungu wa pakamwa panu, adzamvera Nthondo cifukwa Nthondo samlalikira. Wofuna kudziwa kumene Acewa anacokera awerengenso Mbiri ya Acewa ya mlembi yemweyo, ngakhale ndinene zoona kuti limenelo lifuna mwana wodekha.

Kuno kwathu ku Zambia tiri nao alembi athu. Akulu ambiri akumbukira Julius Chongo, amene anali kusimba nkhani pa wailesi m'cigawo ca Poceza m'Madzulo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, munthu mmodzi kulankhula mau a nkhalamba, a mkazi ndi a mwana. Iye analemba buku lochedwa Fumbi Khoboo!, ndipo zina mwa nkhani zace za pa wailesi zinasindikizidwa ku University of Zambia mu 2004, Cinyanja pamodzi ndi Cingerezi, cinthu cothandiza mwana amene Cinyanja cace ndi ca m'tauni. Liripo lina la Jacob Zulu, Zomfula Mkazi Wacimaso-maso; dzina lokhalo likuuzani kuti limeneli musungire anyamata ndi asungwana osinkhuka, ndipo muyambe mwaliwerenga inu eni.

Mwina mwana adzadabwa poona kuti buku lina lilemba "cinthu" ndi lina "chinthu". Muuzeni kuti mau ndi amodzi. Mabuku osindikizidwa ku Malawi masiku ano aika "ch" pamene ife tiika "c".

Bvuto lalikuru ndi kuwapeza. Ambiri a mabuku a Cinyanja a nthawi imeneyo anaturuka ndi thandizo la Publications Bureau, imene inakhazikidwa mu Lusaka mu 1948 kutumikira Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo ena sanasindikizidwenso kwa zaka zambiri. Cotero musaleme mukawasowa m'sitoro yoyamba. Funsani ku nyumba ya mabuku ya m'tauni mwanu, funsani aphunzitsi a Cinyanja ndi iwo amene anapuma pa nchito, yang'anani kwa ogulitsa mabuku akale pamsika, ndipo wacibale akapita ku Chipata kapena ku Lilongwe mumtume. Mukalipeza likuteni ndi pepala lolimba, mulembe dzina la banja m'kati, ndipo wobwereka mumuuze tsiku lobweza.

Tsalani bwino nonse.